Mapanga a miyala mu thanki ya mbuna, momwe ntchito yayendera

Thanki yake ndi ya 120 cm mulitali, 45 cm mulifupi, 50 cm kutalika kwake, ndiye kuti malita 270 ikadzadza mpaka pakamwa, galasi la 10 mm. Nsomba zomwe zikudikira kulowamo panopa zikupanikizana mu thanki yaing'ono: ma Labidochromis caeruleus achikasu aja alipo 8, ma Cynotilapia afra alipo 6 (mitundu iwiriyi ndi mbuna), ndi ka Ancistrus kamodzi kodya ndere. Mbuna kwawo ku nyanja ya Malawi zimakhala m'miyala, yaimuna iliyonse imagwira kamalo kake nkumathamangitsa aliyense wodutsa, nde ukaziika mu thanki yopanda pobisala zofookazo zimathera pakona. Ndizilemba zonse momwe zikuchitikira, zoyenda ndi zokanika, kuti wina amene akufuna kumanga mapanga asayambire pa ziro.

2 Malichi, kusonkhanitsa zipangizo

Miyala ndapeza ya mitundu itatu. Pali masileti ophwatalala oti akhale madenga, pali miyala yobulungira ya mumtsinje yoti ikhale mizati, ndi miyala ya lava ingapo yopepuka ija yokhala ndi timabowo thupi lonse. Ndaiyeza pa sikelo yonse pamodzi yakwana 42 kg. Kuonjezera apo mchenga 25 kg, silikoni machubu awiri, paipi ya PVC, miphika iwiri ya maluwa ya dongo, ndi chipulasitiki cha timabokosi chija amachitcha egg crate.

Nkhani ya kulemera musaitenge mopepuka. Lita imodzi ya madzi ndi 1 kg, nde madzi okha ndi ma kilo oposa 200, kuphatikiza miyala, mchenga ndi galasi lenilenilo mwadutsa 300 kg pa sitandi imodzi. Ndayamba ndaika levulo pa sitandi mbali zonse ndisanachite china chilichonse. Komanso miyala imalanda malo a madzi, 42 kg imeneyi idya malita 15 kapena kupitirira pang'ono, zomwe ndiyenera kukumbukira tsiku lomwe ndidzathire mankhwala mowerengera malita.

Pa ndalama, mpaka pano chomwe chadula ndi masileti ndi mchenga. Miyala yobulungira sinadye kanthu.

5 Malichi, viniga

Mwala uliwonse ndaukanda kaye ndi msomali pamalo amodzi kenako nkudonthezera viniga. Ukatulutsa thovu ndiye kuti muli laimu, ndipo mwala wotere umasungunuka pang'onopang'ono nkumakweza pH (muyeso wa asidi m'madzi, ikakwera ndiye kuti asidi wachepa) ndi kuuma kwa madzi. Viniga ndi wofooka, pena thovu lake silioneka bwino, umachita kuyandikitsa khutu kuti umve kakuti tsiii. Itatu mwa yobulungira ija yachita thovu ndipo ndaisunga, chifukwa madzi a m'nyanja momwe mbuna zimachokera pH yake imakhala cha m'ma 7.7 mpaka 8.6, laimu kwa izo ndi thandizo. Koma amene akuweta ma tetra kapena discus, nsomba za madzi ofewa, miyala ya thovuyo aitaye kutali.

Yomwe ndachotsa ndi ina. Umodzi unali ndi mizere ya dzimbiri yofiira kulowa mkati, wina unali ndi timanyezinyezi tooneka ngati golide, wina unali ndi banga lobiriwira mopita ku buluu lomwe limandikayikitsa kuti ndi kopa, ndipo kopa m'madzi amapha nkhono ndi ma shrimp msanga, nsomba nazo samazisiya. Unanso unkangofumbutuka mchenga ndikaupaka ndi chala, umenewo sungasenze denga. Yotsalayo ndaiviika mu ndowa zikuluzikulu, ndayeza pH ya madzi lero, ndidzayezanso ikakhalamo masiku angapo.

9 Malichi, kutsuka ndi kupala

pH mu ndowa za masileti ndi lava sinasunthe, mu ndowa ya miyala ya laimu yakwera pang'ono monga ndimayembekezera. Bwino.

Kutsuka ndi bulashi yolimba ndi madzi okha, sopo ayi olo pang'ono. Anthu ambiri amati wiritsani miyala, ine ndikuti musayerekeze, mwala umatha kukhala ndi mpweya kapena madzi otsekeredwa mkati ndipo ukatentha umaphulika, makamaka wa timabowo ngati lava. Masileti ndi yobulungira ndaiviika mu bulichi wamba wopanda fungo la maluwa, gawo limodzi la bulichi pa magawo 20 a madzi, kwa kanthawi kochepa, kenako kutsukuluza kambirimbiri, kuviika m'madzi othira mankhwala ochotsa klorini mowirikiza, nkuyanika padzuwa mpaka fungo litatheratu. Lava sindinaiike mu bulichi chifukwa imamwa ndipo kuti atuluke yense m'timabowomo ndi ntchito.

Chomwe chanditengera nthawi ndi milomo ya masileti. Sileti ikasweka imasiya mlomo wakuthwa ngati mpeni, ndipo mbuna ikamathawa siyang'ana, imangodzikhomera pa mpata uliwonse. Ndapala mlomo uliwonse ndi tupa kenako sandipepa, ali onyowa kuti fumbi lisauluke. Njira yanga yoyesera ndi kudutsitsa kansalu kopyapyala pa mlomopo, kakakodwa ndiye kuti chipsepse cha nsomba nacho chingang'ambike pomwepo.

14 Malichi, kusanja pouma

Ndadula katoni yofanana ndendende ndi pansi pa thanki, ndaiyala pa tebulo, nkumasanja pamenepo. Musasanjire mu thanki, mwala umodzi kungopulumuka m'manja basi galasi lapita.

Poyamba maganizo anali a khoma limodzi la miyala kuchokera kumanzere mpaka kumanja, koma thanki yanga ili ndi chogwirizira cha galasi pakati pamwamba, nde chilichonse cholowa kapena kutuluka chikuyenera kudutsa pa mpata wosafika 60 cm. Izi zasintha pulani yonse. Ndapanga milu itatu yosiyana, ndipo mulu uliwonse ndaugawa m'zigawo zoti ndingathe kunyamula ndi manja awiri nditaweramira m'madzi, chigawo chisapose 8 kg. Zigawozo zizingosanjikizana osamatana.

Lamulo lomwe ndatsatira ndi loti denga lililonse likhale pa malo atatu, monga mpando wa miyendo itatu sugwedera olo pansi patakhala pokumbika. Ukaika pa malo anayi nthawi zambiri limodzi limakhala m'malere ndipo sileti imachita gwedegwede. Ndikamaliza mulu ndimaukankha ndi dzanja kutsogolo, kumbuyo, m'mbali ndi pamwamba, ukasuntha ndikuphwasula kuyambiranso.

China ndi mpata wa pakati pa mwala ndi galasi. Ukhale waukulu woti dzanja lilowe ndi siponji, apo ayi usakhalepo nkomwe. Kampata ka sentimita imodzi kapena awiri ndi msampha, nsomba imalowa ndi liwiro nkukanika kubwerera. Ndasiya 6 cm kumbuyo ndi m'mbali. Ndalemba manambala pa miyala ndi choko ndi kujambula pa foni mbali zonse chifukwa ukaphwasula sukumbukiranso kuti uti unali pati.

16 Malichi, silikoni

Pa chubu pakhale polembedwa kuti 100% silicone, ndipo pasakhale mawu oti imaletsa nkhungu. Ya kubafa ndi kukhitchini yambiri imakhala ndi mankhwala amenewo ndipo ndi poizoni kwa nsomba. Yoyenera imanunkha ngati viniga ikamauma, nde gwirirani panja kapena potsegula mawindo.

Miyala ikhale youma gwa komanso yopanda fumbi. Ndaika silikoni yambiri pa malo okhudzana, kukanikiza, kenako yotuluka m'mbali ndaiwaza fumbi la sileti lomwe linatsala popala kuti isamanyezimire m'madzi. Silikoni imauma kuyambira kunja kulowa mkati, pafupifupi 2 mpaka 3 mm pa maola 24, nde chibulunga chachikulu pakati pa miyala iwiri kunja chimaoneka chouma mkati chikadali phala. Ndizisiya sabata yathunthu osazigwira.

24 Malichi, zina zagwira zina ayi

Sileti pa sileti yagwira zolimba. Lava nayo yagwira chifukwa silikoni inalowa m'timabowo nkumangirira. Koma miyala yobulungira ya mumtsinje ija yakana. Nditanyamula chigawo choyamba cha mulu wa kumanzere, mzati umodzi unangotsala pa tebulo, silikoni itamatuka yonse ngati khungu, mwala uli mbee osatsalira kanthu. Silikoni imagwira bwino kwambiri pa galasi, koma pa mwala wosalala wolemera womwe ukukhudza unzake pa kadontho kamodzi siidalirika, makamaka ukaukhotetsa. Ndayesa zigawo zonse dala mwamphamvu ndipo malo ambiri okhudza miyala yobulungira amatuka. Bola zamatukira pa tebulo.

Silikoni yatsopano sigwira pa yakale youma, nde ndapala yonse ndi lezala mpaka kufika pa mwala. Chubu chimodzi chathera pachabe pamenepa.

Ndayesako super glue wa jelo pa timiyala ting'onoting'ono. Akauma alibe vuto kwa nsomba ndipo amagwira msanga, koma ndi wophweka kuthyoka, mwala wa 3 kg sangausunge. Ena amaika kathonje kapena tishu pakati nkudonthezera guluu wamadzimadzi, zimalimba ndithu koma zimatentha mpaka kutulutsa utsi woyabwa m'maso, samalani zala. Ine guluu ameneyu ndamusungira zomera.

28 Malichi, kuboola

Yankho lake lakhala zikhomo. Ndaboola mzati pamwamba ndi denga pomwe zikumana, nkulowetsa kandodo ka pulasitiki ka 8 mm, kenako kuzinga ndi epoxy ya phala ija ya mitundu iwiri yomwe umakanya ndi zala mpaka mtundu ufanane, yolembedwa kuti ndi ya mu aquarium. Chitsulo ayi, msomali kapena waya uchita dzimbiri m'madzimo.

Kuboola kwake: biti ya konkire ya 8 mm, pang'onopang'ono, kumathira madzi pa bowo kuti biti isapse komanso fumbi lisakwere, fumbi la miyala ndi loipa ku mapapo nde chotseka pamphuno ndi magalasi a m'maso ndi zofunika. Pa sileti zimitsani hamala ya dirilo, ikangogunda sileti imagawanika m'mapepala ake. Yobulungira ndi yolimba zedi, bowo la 3 cm limatenga nthawi ndipo umodzi unang'ambika pakati biti itatsala pang'ono kufika. Zidutswa zakezo ndazisunga, zili ndi mbali yophwatalala yomwe ikukhala bwino pansi.

Epoxy imalimba pasanathe ola, nde kanyani yochepa yochepa. Ikakhala yonyowa ndaikanikiza ndi kamwala ka lava kuti ioneke yokakala ngati mwala. Pa ndalama apa ndi pomwe pandipweteka, epoxy ndi biti ziwiri zadya kuposa masileti onse. Ndinaganizako za simenti popeza ndi yotchipa, koma simenti yatsopano imakweza pH kwambiri, umayenera kuiviika masabata ambiri nkumasintha madzi, ndipo mapeto ake umakhala ndi chimwala chimodzi chosanyamulika. Ndaisiya.

2 Epulo, kulowetsa mu thanki

Miyala iyambe, mchenga pambuyo. Ichi ndi chinthu chomwe sindingakambirane ndi munthu pa thanki ya mbuna. Zimakumba ndi pakamwa, kunyamula mchenga nkukalavula kwina, ndipo mwala wokhala pa mchenga zimaukumba pansi mpaka ugwe, pena pa nsomba yomwe ikukumbayo, pena pa galasi.

Za egg crate anthu amatsutsana. Ena amati galasi la pansi limapirira kale ndipo timabokosito timangosunga nyansi. Ine ndaiika pansi pa milu pokha, yodulidwa mofanana ndi mulu, chifukwa ndimaopa nsonga ya mwala kukanikiza galasi pa kadontho kamodzi, komanso imathandiza mizati kusatsetsereka. Potsitsa miyala ndinaimika makatoni mkati mwa galasi la kutsogolo ndi m'mbali kuti lisakandike.

Mchenga ndautsuka mu ndowa pang'onopang'ono mpaka madzi kuyera, nkuthira 3 mpaka 4 cm, kuukankhira m'mapanga ndi dzanja. Hita ili kuseri kwa mulu wa kumanja, yosakhudza mwala, pamalo poti ndingaitulutse osaphwasula kanthu.

6 Epulo, madzi

Ndinaika mbale pa mchenga nkumathira madzi pa mbalepo. Atadzadza zinthu ziwiri zinaoneka.

Choyamba, mwala m'madzi umapepuka, wamba umataya kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, nde lava yomwe ndi yopepuka kale inangotsala ngati palibe. Miyala iwiri ya lava yomwe ndinangoisanjika pamwamba, yomwe pa tebulo inali nji, ndinaipeza ikugwedezeka ndi mphamvu ya madzi a fyuluta yokha. Ndaitsitsa pansi nkuipanikiza ndi sileti pamwamba. Mukamayesa kulimba kwa mulu yesaninso madzi atalowa.

Chachiwiri, pansi pa denga limodzi lalikulu panatsekeredwa mpweya, chithovu chachikulu chongokhala pamenepo. Ndalowetsa kachidutswa ka sileti mbali imodzi kuti denga lipendekeke pang'ono, mpweya watuluka, ndipo denga lopendekeka silisunganso zinyalala pamwamba.

Fyuluta ndisamutsa yakale ija ndi masiponji ake osatsuka tsiku lomwe nsomba zikulowa, kuti mabakiteriya abwino ogaya poizoni wa ndowe za nsomba abwere nawo. Hita ndaitchera pa 25 °C.

11 Epulo, nsomba zalowa

Zonse nthawi imodzi, magetsi ozimitsa, kuti pasakhale yofika msanga nkudzitcha mwini malo. Pofika m'mawa afra yaimuna yaikulu inali itatenga mulu wa kumanzere ndipo inali itakumba mpaka egg crate kuonekera, mchenga utaunjikana pa galasi la kutsogolo. Mulu sunasunthe olo pang'ono. Kamwala kamodzi kokongoletsa komwe kanali pa mchenga pakati pa milu ndinakapeza katapendekeka kutsamira galasi, ndakachotsa.

Amoniya ndi nitrite, poizoni wochokera ku ndowe za nsomba, zonse zili pa 0. Ndiziyeza tsiku ndi tsiku sabata ino.

19 Epulo, phanga la khomo limodzi

Apa ndi pomwe ndaphunzira zambiri kuposa magawo ena onse. Mu mulu wa pakati munali phanga lomwe ndinkalikonda kwambiri, lakuya, lamdima, khomo limodzi kutsogolo. Yachikasu ina yaikazi inathawiramo ikuthamangitsidwa ndi afra ija, ndipo afra inangolowa pambuyo pake. Kunalibe kotulukira. Ndinaipeza mchira utang'ambika, mamba a m'mbali atachoka malo awiri, ikupumira m'mwamba kuseri kwa paipi ya fyuluta. Ndaipatula mu thanki yaing'ono ija ndi madzi oyera, zipsepse zimamera zokha ngati bala silinafike pa thupi.

Ndatulutsa chigawo chimenecho, ndagumula mwala wotseka kumbuyo ndi tchizulo, ndapala epoxy yotsala. Kenako ndayang'ana mapanga onse limodzi limodzi ndi tochi, lililonse lopanda khomo lachiwiri ndalitsegula, kumbuyo, m'mbali kapena pamwamba. Makomo awiriwo asayang'anizane molunjika, bola likhote, yothawayo ikatuluka mbali ina yothamangitsayo isaone komwe yalowera.

Vuto lina linali la maso. Afra ija ikakhala pamwamba pa mulu wake inkaona thanki yonse mpaka kumapeto, ndipo mbuna chomwe yaona imathamangitsa. Milu yanga yonse inali yofanana msinkhu, cha pakati pa thanki, pamwamba ponse pali pululu. Ndaimika masileti awiri aatali mu mulu wa pakati, olowa m'mipata ya miyala ndi zikhomo, ofika pafupi ndi pamwamba pa madzi. Tsopano ikathamangitsa inzake imafika pa sileti, inzakeyo yazimiririka, imabwerera kwake.

Ndaonjezeranso timipata topapatiza toti yaing'ono ilowe koma yaikulu ikanike, pongosanjikiza masileti awiri ndi timiyala ta 2 cm pakati. Mapanga akuluakulu okongola aja amatengedwa ndi zamphamvu, zofooka zimapulumukira m'timipata timeneti. Mukaona nsomba ikukhala pakona pamwamba, kuseri kwa hita kapena paipi, itazilala mtundu, dziwani kuti pansi palibe malo ake. Ndipo chomwe ndaona nchoti pobisala pakachuluka ndi pomwe nsomba zimaonekera kwambiri, zikuyenda poyera mosaopa chifukwa pothawira pali pafupi.

27 Epulo, mapaipi ndi miphika

Miyala yatha koma kuseri kwa milu kukadali malo, nde ndagwiritsa PVC ya 50 mm, zidutswa za 12 cm, milomo yopala bwino, kunja kokanda ndi sandipepa, kupaka silikoni nkugubuduza mu mchenga wouma. Ndi zotchipa kwambiri. Zauma sabata, ndazibisa kuseri. Ma afra aamuna ang'onoang'ono ndi omwe azitenga.

Mphika wa maluwa ukhale wa dongo lokha, wosapaka utoto kapena zonyezimira, komanso woti sunakhalepo ndi feteleza. Kabowo ka pansi kaja ndi koopsa, nsomba imalowetsa mutu nkukodwa pa makha, nde mukakulitse kwambiri kapena mukatseke. Ndinafuna kuudula pakati kuti pakhale mapanga awiri. Woyamba ndinaudula wouma ndi giraindala unasweka zidutswa. Wachiwiri ndinauviika m'madzi usiku wonse, nkudula pang'onopang'ono, watuluka bwino.

Ancistrus zake ndi zosiyana ndi zonse ndanena za makomo awiri. Iyo imafuna phanga la khomo limodzi, lalitali, lothina, loti ikalowa thupi lake litseke khomo. Mu mtundu umenewu yaimuna ndi yomwe imalondera mazira m'phanga nkumawakupiza ndi zipsepse. Ndaipangira paipi ya 40 mm, 15 cm mulitali, yotseka mbali imodzi ndi kachidutswa ka sileti, khomo loyang'ana kumbali komwe madzi sakuwomba. Inalowa usiku womwewo. Mbuna zikuluzikulu sizikwanamo bwino nde sizilimbana nayo.

Yachikasu ija yabwerera, mchira wayamba kumera.

10 Meyi, nyansi za m'mapanga

Ndimasintha madzi 30% sabata iliyonse koma nitrate, yomwe imatsalira mabakiteriya akagaya ndowe za nsomba, inkangokwera. Nditanyamula chigawo cha pamwamba cha mulu wa kumanja panatuluka chimtambo cha bulawuni, ndowe ndi zakudya zotsala zaunjikana kuseri ndi m'timabokosi ta egg crate momwe afra inafukula. Amene amatsutsa egg crate aja pamenepa akunena zoona. Sindinaichotse, koma ndadula mbali zonse zotulukira kunja kwa mizati, yatsala pansi pa miyala penipeni.

Ndagula kapampu kakang'ono koyendetsa madzi, ndakaika pansi pakona yakumbuyo kuwomba motsata galasi kuseri kwa milu yonse kupita komwe fyuluta imakokera. Mpata wa 6 cm uja wathandiza apa. Posintha madzi ndikumayamba ndapemerera m'mapanga ndi kapaipi kakang'ono kuti nyansi zidzuke, kenako nkupopa. Kapampuka ndi ndalama yomwe sinali mu pulani, koma amene akuunjika miyala yambiri aiwerengeretu.

Mchenga womata pa PVC wayamba kusupuka pomwe Ancistrus imapala. Poti mapaipi ali kuseri sindikuvutika nazo, ndimangotola tizidutswa ta silikoni tikayandama kuti nsomba zisameze.

Miyala inayamba yachita ndere za bulawuni, zomwe zimabwera mu thanki yatsopano, tsopano zobiriwira zikumera pamadenga. Sindikupala, mbuna zimadya zimenezo tsiku lonse ndipo epoxy yabisika. Zomera za Anubias ndi Java fern ndazimata pa lava ndi super glue uja, kadontho pa mizu, tsinde lake lokwawa lija lisakwiriridwe chifukwa limaola. Vallisneria yomwe ndinadzala mu mchenga yazulidwa yonse.

24 Meyi, yaikazi yafungatira

Yachikasu ina yasiya kudya, kukhosi kwatupa, ikungokhala mu kampata kopapatiza ka masileti. Mbuna zimasunga mazira mkamwa, pafupifupi masabata atatu pena kufika anayi, osadya. Ndinayesa kuigwira kuti ndiipatule ndipo apa zigawo zonyamulika zija zaonetsa phindu, mulu wa pakati ndinautulutsa wonse mosavuta. Koma chenjezo: nsomba zimakakamira mkati mwa chigawo ukamachinyamula. Afra imodzi inatuluka nacho m'madzi ili m'phanga. Muzikhala ndi beseni la madzi a mu thanki pafupi, chigawo chikangotuluka chilowe mmenemo, ndipo musanachinyamule chitembenuzeni kaye m'madzi.

Yaikaziyo inathawira mu mulu wa kumanzere ndipo ndinaona kuti kuithamangitsa kwambiri ilavula mazira, nde ndaisiya. M'malo mwake ndaunjika timiyala ta 3 mpaka 5 cm pakona yakumanja kutsogolo, pa galasi penipeni, mulu wa timipata tosafika sentimita imodzi toti tiana tilowe koma pakamwa pa zikuluzikulu pasafike. Sitipulumuka tonse koma tingapo tikwanira.

Nditabwezera mulu wa pakati, sileti imodzi inakhala mosiyana pang'ono ndi kale, ndipo ndewu ya malire inayambiranso masiku awiri. Zithunzi za pa foni zija zithandiza kubwezera chimodzimodzi ulendo wina.

14 Juni, pomwe tafika

Tiana tachikasu ndawerenga 5 mu mulu wa timiyala, timatuluka pang'ono nthawi ya chakudya nkubwerera. Ndikumaphwanya chakudya kukhala ufa nkuthira pafupi ndi pakonapo. Nitrate yasiya kukwera chiyikireni kapampu, pH ili pa 8.0, palibe nsomba yokhala pakona pamwamba.

Pa ndalama zonse, epoxy, biti ndi kapampu zatenga kuposa theka, masileti ndi mchenga zikubwera pambuyo, PVC ndi miphika pafupifupi palibe. Ndikanati ndiyambirenso ndikanagula masileti ochuluka ndi miyala ya makona yokhala ndi mbali zophwatalala, yobulungira ndikanaisiya kukhala yapansi yokha, kuboola kukanachepa ndi epoxy yomwe.

Malo amodzi a silikoni pa denga la mulu wa kumanja ayamba kumatuka m'mphepete, ndaona posintha madzi. Denga likadali pa malo ake atatu nde silingagwe, koma Loweruka ndilitulutsa, ndiliumitse, ndiboole ndiike chikhomo ngati enawo. Ma afra aamuna ang'onoang'ono awiri akula ndipo ayamba kulimbirana paipi imodzi, nde tsiku lomwelo ndionjezera sileti ina yoimirira pakati pa mulu wa pakati ndi wa kumanja, ndadula kale ya 35 cm, yatsala kupala milomo.